Nanga wolanda mpira, mapointi ake ali kuti?

Munthu akanena kuti wosewera uyu ndi wabwino kuposa uyo, amakhala ataona chiyani? Funso limeneli ndawafunsa anyamata ambiri kuno ku Kaseye miyezi yapitayi, ndipo ena amaganiza kuti ndikuwayesa nzeru. Ayi, ndikufunadi kudziwa. Mpira ndakula nawo: wachikulunga kuseri kwa sukulu, wa pawailesi ya MBC masiku amene dzina la Kinnah Phiri linkamveka m'nyumba iliyonse, kenaka wa pakanema. Zaka zonsezo sindinkavutika kuloza wosewera wabwino. Ndinkangomudziwa, oyandikana nane pabwalo n'kuvomereza kapena kutsutsa, tonse n'kubwerera kunyumba tikukanganabe. Lero ana athu amatulutsa foni, kukuonetsa nambala, basi mlandu watha.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Mu Ogasiti 2025, ligi ya ku England itatsala pang'ono kuyamba, anafika pakhomo n'kuti, "Amalume, tilipo 7, tikusowa munthu mmodzi. Inu mpira mumaudziwa, bwerani mudzasankhe timu yanu." Ndinamufunsa kuti timuyo izikasewera bwalo liti. Anati siisewera paliponse. Osewera ake ndi enieni, a Liverpool, Arsenal, Manchester City ndi ena onse mwa matimu 20 a Premier League, ndipo aliyense amasewerera timu yake monga mwa nthawi zonse. Chako iwe n'kulemba maina 15 pafoni. Amene wawalembawo akachita bwino kubwalo Loweruka, iwe umalandira mapointi kuno.

Masewerawa amatchedwa Fantasy Premier League. Anayamba mu 2002, ndipo anthu oposa 11 miliyoni padziko lonse amalembetsa. Njira yomwe ambiri amaidziwa ndi yogula: amakupatsa mapaundi 100 miliyoni, ugule magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo 5, apakati 5 ndi akutsogolo atatu, koma usatenge oposa atatu kutimu imodzi. Ndinafunsa kuti ndalama zimenezo amakupatsira kuti. Palibe ndalama, ndi nambala chabe. Ndiye ukaluza umabweza chiyani? Palibe. Ndinafunsa kawiri dala, chifukwa ndaona anyamata akugulitsa nkhuku za amayi awo kuti akabetche, ndipo sindinkafuna kulowa pakhomo la juga mosadziwa. Mphwanga ananditsimikizira kuti kulembetsa n'kwaulere. Chimene chimatha ndi bandulo ndi moto wa foni.

Koma anyamatawa anasankha njira ina, yotchedwa Draft, yomwe inabwera mu 2017. Mmenemo mulibe mitengo. Mumasankha mosinthana, ndipo wosewera akatengedwa ndi mmodzi, ena nonse mwamuphonya. Ichi ndinachimva msanga, chifukwa ndi mmene tinkagawanirana pabwalo tili ana: awiri aima kutsogolo, uyu aitana mmodzi, uyo aitana wina, mpaka womaliza yemwe ankauzidwa kuti akakhale pagolo. Kusiyana kwake, kwathu mwini mpira ndiye ankayamba kusankha, ndipo ankayambanso ulendo uliwonse. Apa wosankha koyamba amadzasankha komaliza ulendo wachiwiri, womaliza uja n'kusankha kawiri motsatizana. Ndipo sizoni ikamayenda, amene ali pansi pa onse ndiye amakhala woyamba kutola osewera otsala. Ndinafunsa kuti anaganiza zimenezi ndani. Mutu wake uli ku America, kumene anthu a ku Oakland, motsogozedwa ndi Bill Winkenbach, anayambitsa masewera otere pa mpira wakwawoko mu 1963. Kumeneko ngakhale matimu enieni amatero: timu yomwe yathera pansi ndiyo imayamba kusankha osewera achinyamata. Lamuloli ndinalikonda. Ndimadabwa kuti mpira weniweni wa ku England, womwe tikuutengerawu, sulidziwa. Kumeneko wolemera ndiye amayamba kusankha, chaka ndi chaka.

Tsiku losankha tinakhala pakhonde la golosale, pomwe netiweki imagwirako bwino, aliyense maso pafoni. Munthu amapatsidwa kanthawi kochepa. Ukachedwa, kompyuta imakusankhira. Woyamba sanaganize n'komwe, anatenga Mohamed Salah. Wachiwiri Erling Haaland. Itafika nthawi yanga ndinati ndikufuna Rodri wa Manchester City. Mphwanga anandigwira dzanja. "Amalume, ameneyo musatayire mwayi wanu. Mudzamupeza kumapeto, palibe amutenge."

Apa ndiye mutu wanga unaima. Rodri analandira Ballon d'Or mu Okutobala 2024, kutanthauza kuti atolankhani a m'maiko ambiri anagwirizana kuti chaka chimenecho panalibe womuposa padziko. Anakalandira mphothoyo akuyenda ndi ndodo, atavulala bondo mwezi wa Seputembala posewera ndi Arsenal. Iye atachoka, Manchester City, yomwe inali itatenga ligi zaka zinayi zotsatizana, inayamba kugonja motsatizana n'kuthera pa nambala 3. Ngati kusowa kwa munthu mmodzi kungagwetse timu yotero, munthuyo si wofunika kodi? Nanga bwanji pakhonde paja panalibe womufuna?

Yankho lili m'kawerengedwe ka mapointi, ndipo mphwanga anandiyalira bwinobwino. Wosewera akakhala m'bwalo mphindi 60 kapena kuposa, alandira awiri. Wakutsogolo akagoletsa, 4. Wapakati akagoletsa, 5. Wotchinga kumbuyo akagoletsa, 6. Wopatsira mnzake mpira womwe wabala chigoli, atatu. Timu ikapanda kugoletsedwa, goloboyi ndi otchinga kumbuyo alandira 4 aliyense, wapakati imodzi. Khadi lachikasu likuchotsera imodzi, lofiira atatu, kuphonya penate awiri. Tsono Rodri ntchito yake yeniyeni siili m'ndandanda umenewu. Iye amalandira mpira kwa otchinga kumbuyo, kuupereka kwa wina, kuulandiranso, kutseka njira, kuchedwetsa masewero pamene anzake atopa. Amapatsira amene akapatsire wogoletsa. Pa zonsezi foni imangoti awiri.

Ndinafunsa kuti chigoli cha wakumbuyo chimakula bwanji kuposa cha wakutsogolo, pamene oimbira amawerenga chimodzi basi. Anati n'chifukwa choti wakumbuyo sagoletsa kawirikawiri, ndiye kuti anthu asamangothamangira akutsogolo okha, anamuonjezera. Ichi ndinachivomera. Koma chotsatira chake sindinachimvetse mpaka pano. Salah, yemwe aliyense amamuona ali m'bokosi la adani, m'masewerawa analembedwa kuti ndi wapakati. Sizoni ya 2024/25 anagoletsa zigoli 29 n'kupatsira 18, ndipo anapeza mapointi 344, kuposa wina aliyense chiyambire, kudutsa 303 omwe iye yemwe anapeza mu 2017/18. Akanalembedwa kuti wakutsogolo, pa zigoli zokhazo akanataya mapointi 29, miyendo yake ili yomweyo. Anandiuzanso za John Lundstram wa Sheffield United, yemwe mu 2019/20 analembedwa kuti wakumbuyo, pa mtengo wotsikitsitsa wa mapaundi 4 miliyoni, koma kubwalo ankasewera pakati n'kumagoletsa. Anthu anamukhamukira, chifukwa ankadya mapointi a mbali ziwiri. Ndiye tikamati tikuyesa wosewera, tikuyesa iyeyo kapena tikuyesa pomwe wolemba anamuika?

Za kusagoletsedwa nazonso zili ndi funso lake. Wotchinga kumbuyo amene wagwira ntchito tsiku lonse, kutchinga ndi mutu, ndi mwendo, ndi chifuwa, akhoza kutaya mapointi 4 m'mphindi yomaliza chifukwa goloboyi wataya mpira m'manja. Wina wa timu yamphamvu, yemwe mpira sunafike n'komwe mbali yake, atenga 4 akewo thukuta lisanatuluke. Anyamata amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake posankha wakumbuyo sayamba ndi kufunsa ngati amatha kutchinga. Amafunsa kuti ali timu iti, ndipo amakwera kutsogolo kangati.

Amene amandikhudza kwambiri ndi N'Golo Kanté. Mu 2015/16, Leicester City itadabwitsa dziko potenga ligi, iye anaposa osewera onse a muligimo pa kulanda mpira ndi kudula mipira ya adani. Chigoli anagoletsa chimodzi chokha. Chaka chotsatira anapita ku Chelsea, nayonso n'kutenga ligi, ndipo osewera anzake a muligi anamuvotera kuti ndiye wopambana onse mu 2017. Chigoli cha muligi chinali chimodzinso. Anthu amene ankalimbana naye m'bwalo, amene ankamva phazi lake, anati palibe womuposa. Ochita Fantasy ankathamangira Jamie Vardy ndi Riyad Mahrez, kenaka Eden Hazard. Awiriwa, osewera anzake ndi foni, wolondola ndani?

"Zimenezo anakonza, amalume," anatero mphwanga. Kuyambira sizoni ya 2025/26, wotchinga kumbuyo akachita zotchinga 10 m'masewero amodzi, monga kulanda, kudula, kutchinga shoti kapena kuchotsa mpira pangozi, amapatsidwa mapointi awiri. Wapakati ndi wakutsogolo amafunika 12, kuwerengera ndi mipira yotayika yomwe watola. Ndinasangalala kumva zimenezi, koma zinandibalira funso lina. Wolanda mpira amene kale analibe ntchito pafoni, tsopano anthu ayamba kumuyang'ana. Kodi wasintha kaseweredwe? Sanasinthe. Anthu ena anakhala pansi muofesi ku London n'kusintha muyezo. Ndiye kuti ubwino wa wosewera umayamba tsiku limene wina wavomera kuuwerenga? Ndipo alande mipira 12 kapena 25, mapointi ndi awiri omwewo, pamene wina akangogunda mpira ndi bondo n'kulowa, atenga 4.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti anyamatawa amangotola maina mwachisawawa. Ndawaona akuyesa wosewera, ndipo amafunsa zinthu zomwe ine sindinkaziganizira. Choyamba safunsa luso. Amafunsa ngati munthuyo amayamba masewero aliwonse, chifukwa katswiri wokhala pabenchi sabweretsa kanthu. N'chifukwa chake amaopa osewera a Pep Guardiola, yemwe amakonda kusinthasintha timu. Kenaka amafunsa kuti penate amamenya ndani, kona ndi firikiki amamenya ndani. Akatero amayang'ana masewero akubwera. Mphwanga anandionetsa pafoni yake, yomwe galasi lake linang'aluka pakona, mzere wa timabokosi pansi pa dzina la wosewera: tobiriwira ngati akukumana ndi matimu ofooka, tofiira ngati akukumana ndi akuluakulu. Ankayendetsa chala chachikulu pamzerewo n'kumati, "Uyu ali ndi msipu mpaka Okutobala. Uyu ayi, akulowa pamoto." Wosewera wamba wokhala ndi timabokosi tobiriwira amatha kutengedwa, katswiri wa tofiira n'kusiyidwa.

Ndiye pali china chomwe amachitcha xG. Poyamba ndinamva ngati akuti amawerenga zigoli zomwe sizinalowe, ndipo ndinafunsa kuti chigoli chosalowa ndi chigoli bwanji. Anandifotokozera motere. Pali anthu olembedwa ntchito, a kampani ngati Opta, amene amalemba chilichonse chochitika m'bwalo. Shoti iliyonse amaiyerekeza ndi mashoti ena masauzande omwe anamenyedwa pamalo ofanana, kuti aone kuti mwa amenewo analowa angati. Penate imalowa pafupifupi kanayi pa kasanu kalikonse, ndiye imalemera. Shoti yochokera kutali imalowa mwa apo ndi apo, ndiye imapepuka. Wosewera amene akupezeka pamalo abwino sabata ndi sabata koma osagoletsa, anyamata amamutenga mwakachetechete, podziwa kuti zigoli zikubwera. Amene wagoletsa ziwiri zamwayi, amamusiya.

Mwa zonse zomwe ndaphunzira, ichi ndiye chanzeru. Akuluakulu pabwalo akhala akunena kuyambira kale kuti "lero mpira watikana", kutanthauza kuti tasewera bwino koma zotsatira zanama. Nambala imeneyi ikunena zomwezo, kungoti ikutha kuonetsa kuti wakana motani. Komabe ndinafunsa: chigoli chija Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco pa 25 Januwale 2022 ku Cameroon, ali kutali pafupi ndi pakati pabwalo, ataona kuti goloboyi watuluka, chinkalemera bwanji pamuyezo umenewu? Mphwanga anati pafupifupi ziro. Ndiye kuti muyezo ukanamulangiza kuti asamenye. Nanga chimene chinamuuza kuti amenye chija, chimene chinadzutsa dziko lonse usiku uja, chimalembedwa pati?

Pali zina zomwe zimandivuta mumtima osati m'mutu. Wosewera akavulala, pambali pa dzina lake pamabwera kachizindikiro, kachikasu ngati pali chikaiko, kofiira ngati sasewera. Mwini timu amangomuchotsa n'kuikapo wina, ndipo akachita msanga anzake amamutama. Chitipa yathu ino ili m'malire ndi Zambia, ndipo ambiri kuno tinkamutsatira Enock Mwepu atapita ku Brighton mu 2021. Mu Okutobala 2022 anasiya mpira ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atamupeza ndi vuto la mtima. Mnyamata amene anachoka ku Copperbelt mpaka kufika pamwamba penipeni, ntchito yake n'kutha tsiku limodzi. Pafoni, nkhani yonseyo inali kachizindikiro kofiira. Ndinafunsa mmodzi wa anyamata kuti akamachotsa wovulala amamva chiyani. Anati, "Bambo, timamva chisoni ndithu, koma nthawi yosinthira imatseka ola limodzi ndi theka masewero oyamba asanayambe." Sananame, ndipo si mwana woipa. Koma ndimadzifunsa kuti munthu ukazolowera kuona anzako ngati katundu wosinthitsa sabata iliyonse, chizolowezicho chimatsala pafoni pomwepo kodi?

Pa tsiku losankha lija, wina analangiza mnzake kuti asadzaze timu ndi osewera a mu Africa, chifukwa pa 21 Disembala 2025 kuyamba Chikho cha Africa ku Morocco, ndipo anthu ngati Salah wa Egypt ndi Bryan Mbeumo wa Cameroon adzachoka kwa milungu ingapo. Malangizowo ndi olondola pa mapointi. Koma anatuluka pakamwa pa mwana wa mu Africa, wokhala pakati pa Zambia ndi Tanzania, maiko omwe onse awiri anadzipezera malo kumpikisanowo. Zinatheka bwanji kuti chikho chathu chomwe chikhale chosokoneza? Ndaonanso wochemerera Manchester United kuyambira ali mwana akudumpha m'nyumba yoonetsera mpira chifukwa wosewera wa Liverpool wagoletsa. Anzake atamuyang'ana anangoti, "Ali mutimu yanga." Timu yake ndi iti tsopano?

Chinthu chimodzi chokoma m'masewerawa sindingachikane. Mu 2017/18, amene anaposa anthu mamiliyoni onse padziko mu Fantasy Premier League anali munthu wa ku Tanzania, dziko lomwe lili tsidya la Songwe pomwepa. Sanafunike kukhala ku Manchester kapena kudziwana ndi makochi. Zonse zofunika zinali zolembedwa, ndipo zolembedwazo zimafika pafoni ya ku Kaseye nthawi yomweyo imene zikufika pafoni ya ku London. Mphwanga amadziwa kuti wakumbuyo wakumanzere wa Bournemouth wasewera mphindi zingati, wamenya makona angati, bondo lake likupweteka kapena ayi. Sanafikeko ku England, koma akhoza kutsutsana ndi Mngelezi n'kumugonjetsa.

Apa m'pamene panabadwira funso lomwe landisowetsa tulo kuposa onse. Ngati ife tikuwadziwa chotere osewera akumeneko, athu akuwadziwa ndani? Ndinauza anyamata kuti chaka chamawa tichite Draft ya Super League yathu. Matimu alipo 16. Tisankhe a Bullets, a Wanderers, a Silver Strikers, a Karonga United, a Chitipa United. Anaseka pang'ono, kenaka mphwanga anafunsa mwaulemu, "Amalume, mapointi tiziwatenga kuti?" Ndinaganiza, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Ndikatsegula wailesi kapena nyuzipepala, ndimapeza zotsatira, ogoletsa, nthawi zina olandira makadi, ndi ndandanda wa matimu. Wopatsira amatchulidwa mtolankhani akafuna. Wolanda mpira, wodula, wotchinga, amene wasewera mphindi zonse chaka chathunthu osadandaula, sindimuona m'manambala. Ngakhale kumuona ndi maso n'kovuta. Kwa nthawi yaitali Chitipa United inkalandirira alendo ake ku Karonga Stadium, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera paboma, moti wochemerera wa kuno ankafunika ndalama ya ulendo kuti akaone timu yakwawo ikusewera pakwawo. Kanema wa ku England amamupeza pa mtengo wa kapu ya tiyi.

Ngati zili chomwechi ku Super League, nanga kumatimu a m'midzi, a m'sukulu, a mipikisano ya bonanza? Kochi wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe akafuna wosewera wa ku Chitipa, amayamba ndi chiyani? Amamva kuti kuli mnyamata wogoletsa. Mbiri ya chigoli imayenda yokha. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo zigoli zinawatsegulira njira: Tabitha anapita ku Sweden mu 2014, Temwa mu 2024 anagoletsa 20 muligi ya ku America, zomwe palibe anachitapo m'sizoni imodzi, n'kusankhidwa kukhala wopambana onse. Ndimanyadira. Koma ndikamaona atsikana a ku Kaseye Girls akuthamanga pabwalo, ndimaganiza za amene sagoletsa, amene ntchito yake ndi ya Kanté. Mbiri yake idzayenda pa chiyani?

Ndinapempha mphwanga kuti tiyese tokha. Tinagula kope la ana asukulu, kulemba mizere ndi rula, maina kumanzere, pamwamba n'kulemba kuti kugoletsa, kupatsira, kulanda, kudula, kutaya. Lamlungu masana tinakakhala m'mphepete mwa bwalo pamene timu ya kwathu inkasewera ndi ya mudzi woyandikana nawo. Iye ankayang'ana n'kumatchula, ine ndinkaika timizere.

Ntchitoyo ndi yovuta kuposa mmene imaonekera pafoni. Majezi ena analibe manambala, awiri anali ndi nambala yofanana, ndipo fumbi likabuka sumadziwa kuti phazi lomwe lachotsa mpira ndi la yani. Ukaweramira kope, kubwalo kwachitika kale zina ziwiri. Tinatsutsana kangapo: mnyamata akagwetsa mnzake mpira n'kutuluka kunja, ndi kulanda kumeneko? Mpira ukamugunda wina pamsana n'kubwerera, wadula kapena wangogundidwa? Ndinazindikira kuti ngakhale ku England kuja, pansi pa nambala iliyonse pali munthu amene anagamula nkhani zoterezi. Ndiye panabweranso bambo wina kudzasuzumira, n'kufunsa chifukwa chimene mwana wake ali ndi timizere tambiri pa kutaya. Wolemba kope akakhala mbale wa wosewera, tidzalikhulupirira kopelo?

Koma masewero atatha, kopelo linanena chinthu chomwe bwalo silinanene. Anthu ananyamula wogoletsa, monga mwa mwambo. M'kope, mzere womwe unadzaza mpaka timizere kusefukira m'munsi unali wa mnyamata wina wamfupi wapakati, wovala nsapato zobwereka zomwe anazimanga ndi chingwe cha thumba kuti zisavuke. Ine ndamuonera kangapo mnyamata ameneyu, ndipo ndinkadziwa kuti amalimbikira, koma sindinkadziwa kuti timu yonse imapumira pa iye chotere. Pa kutaya anali ndi kamzere kamodzi. Titamuonetsa anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati angajambule tsambalo ndi foni ya mnzake.

Pobwerera ndinamuuza mphwanga kuti pali zinanso zomwe kope lathu laphonya. Wotchinga kumbuyo wamkulu uja, amene ankakuwa kuuza anzake poima, sanakhudze mpira kwambiri, koma akanakhala chete tikanagoletsedwa. Wakutsogolo wachiwiri anathamangira kumbali dala, kukoka omutchinga awiri, mnzake n'kupeza mpata wogoletsera. Zimenezo tiziika mzere uti? Anati palibe mzere wake, ngakhale ku England. Ndiye kuti kope ndi maso ziyenera kuyendera limodzi? Anavomera, koma anati maso amathera pabwalo pomwepo, pamene kope likhoza kukwera basi.

"Ndiye tilitumize," ndinatero. "Tilembe masewero onse a chaka chino, tisadumphe ngakhale amodzi, tipeze ndi mphunzitsi wa kusukulu ya atsikana azilemba akumeneko."

"Kutumiza n'kosavuta, amalume. Tijambula masamba, tiponya pa WhatsApp."

"Kwa yani? Kwa kochi wa Chitipa United? Kwa a zamasewero paboma? Kubungwe la mpira la chigawo ku Mzuzu?"

Anati ayamba wafufuza nambala ya kochi. Ndinamufunsanso kuti kochiyo akalandira tsamba lolembedwa ndi anthu awiri osadziwika a ku Kaseye, lonena za mnyamata yemwe sanagoletsepo chaka chino, adzakwera galimoto kudzamuona kodi? Mphwanga anati sakudziwa, koma Lamlungu likubwerali abweretsa mnzake wachitatu, kuti wina aziyang'ana timu yathu, wina ya alendo, ine ndizingolemba.